Dzino lisanabooke

Ku Mzimba kuno timakonda tiyi wa shuga wambiri, ndipo pa Jenda mupeza ana akuyamwa maswiti kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa. Ine sindiletsa shuga. Chimene chimandidetsa nkhawa n'kudya zotsekemera pafupipafupi. Tizilombo ta m'kamwa timasandutsa shugayo kukhala asidi, ndipo asidiyo amadya dzino pang'onopang'ono mpaka kulibowola.

Tsukani mano kawiri pa tsiku, makamaka pogona, chifukwa malovu amene amateteza mano amachepa tikagona. Mankhwala otsukira akhale okhala ndi fluoride. Mukamaliza, lavulani koma musachukuche ndi madzi, kuti mankhwalawo atsalire pa mano. Nkhama zikamatuluka magazi, ambiri amaleka kutsuka pamalopo, chikhalirecho m'pamene pakufunika mswachi, mofatsa. Wa kamtengo uja nawonso umachotsa litsiro, kungoti ulibe fluoride wokwanira.

Madokotala a mano ndi ochepa m'Malawi muno. Maphunziro awo anangoyamba mu 2019 ku College of Medicine. Choncho wa ku Khosolo kapena ku Euthini akadikira mpaka tsaya litatupa, pofika kuchipatala cha pa boma dzinolo kawirikawiri limakhala longoyenera kuzula.