Gogo Akagwa N'kulephera Kudzuka

Lero tikambirana za ngozi imene imagwera agogo athu pakhomo pomwe, ndiyo kuthyoka kwa fupa la ntchafu kumtunda kwake, pamene limalumikizana ndi chiuno.

Munthu akamakalamba mafupa ake amafooka, makamaka amayi amene anasiya kusamba. Choncho kuterereka kubafa, kapena kupunthwa usiku popita kuchimbudzi, n'kokwanira kuthyola fupa. Zizindikiro zake n'zosasowa: gogo amalephera kuimirira, amamva ululu m'chiuno, ndipo kawirikawiri mwendo wovulalawo umaoneka waufupi, phazi litapendekera kunja.

Tiyerekeze kuti zimenezi zachitika m'mudzi wina ku Dwangwa, m'dera la Mfumu Kanyenda. Abale ambiri amayamba ndi kuthowa mwendo ndi madzi otentha kapena kutema mphini, poganiza kuti gogo angobinya. Apa mpamene masiku amatayikira. Chofunika n'kuwagoneka pa chinthu chosapindika, osawakakamiza kuponda, ndi kuthamangira nawo kuchipatala chapafupi monga cha Nkhunga tsiku lomwelo. Kumeneko adzawatumiza kuchipatala cha boma ku Nkhotakota, ulendo wa makilomita oposa 50 pa msewu wa M5, kuti akajambule fupalo.

Mwina mufunsa kuti, kuthamangira kwake n'chiyani, poti fupa lathyoka kale? Yankho n'lakuti chimene chimatenga moyo wa okalamba ambiri ndi kugona nthawi yaitali. Wogona chigonere amatuluka zilonda kumsana ndi m'matako, amagwidwa chibayo, ndipo magazi amatha kuundana m'mitsempha ya m'miyendo. N'chifukwa chake akatswiri a mafupa amalangiza kuti opaleshoni ichitike pasanathe maola 48, ndipo wodwala ayambe kudzuka tsiku lotsatira.

M'dziko lathu, zipatala za m'maboma zimadalira kwambiri madokotala othandizira a mafupa, amene maphunziro awo anayambitsidwa m'chaka cha 1985 ndi Dr Edward Blair wa ku Canada. Pamene opaleshoni siitheka, iwo amakoka mwendo ndi chingwe chokhala ndi cholemera kumapeto, ndipo wodwala amagona pabedi milungu isanu ndi umodzi kapena kuposerapo. Njira imeneyi imachepetsa ululu, koma kwa munthu wokalamba milungu yonseyo ndi yoopsa. Mwamwayi, m'chaka cha 2023 chinatsegulidwa chipatala cha mafupa cha LION, pafupi ndi chipatala chachikulu cha Kamuzu ku Lilongwe. Kuti chipatala chotere chipindulire gogo wa ku Dwangwa, pafunika makina ojambulira ogwira ntchito kuchipatala cha boma, ambulansi yokhala ndi mafuta, ndi kutumiza wodwala msanga.

Nanunso odikirira odwala muli ndi mbali yanu. Funsani adokotala ngati gogo angathe kuchitidwa opaleshoni, ndipo musaope kufunsa. Mothandizidwa ndi anamwino, asintheni kagonedwe pakapita maola awiri alionse. Zofunda zikhale zouma, khungu likhale loyera. Apatseni madzi okwanira, ndi zakudya zomanga thupi monga usipa, matemba, nyemba ndi mkaka. Mukaona kuti ayamba kusokonekera maganizo, kutsokomola kapena kutentha thupi, dziwitsani anamwino nthawi yomweyo. Adokotala akalola kuti adzuke, athandizeni kuyenda pang'onopang'ono tsiku ndi tsiku, ngakhale akhale ndi mantha.

Akabwerera kunyumba, salazani njira ya kuchimbudzi, muwaikire nyali usiku, ndipo ngati maso awo achita ng'ala, apititseni akapimidwe kuti asadzagwenso.

Makolo anati akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto. Ngati gogo agwa kwanuko n'kulephera kudzuka, lisalowe dzuwa asanaonedwe ndi achipatala.