SILIKONI PA CIBVUNDIKIRO CA INJINI: IKANI PANG'ONO CABE

Nyengo ya kukolola ikatha, magalimoto a alimi sapuma. Malole ndi mavani amanyamula cimanga, nshawa ndi matimati kucokera ku Petauke, ku Katete ndi ku Chipata kunka ku Lusaka, ndipo wocokera ku Chipata amayenda makilomita oposa 500. Ena amatsika ndi mseu wa Great North kucokera ku Chisamba. Akatula katundu ku msika wa Soweto, eni ace ambiri amapereka magalimoto ao kwa amakanika a m'makomboni. Chaisa, komboni imene iri m'mbali mwa mseu wa Great North kumpoto kwa mzinda, ndi malo amodzi kumene nchito yotere imagwiridwa pabwalo kapena pansi pa msasa wa malata. Bvuto limene limachulidwa kawiri kawiri kumeneko ndi lakuti injini iri kudontha oilo pamwamba. Nchito yokonza bvuto limeneli ndi yaing'ono, koma ikagwiridwa mosasamala ingathe kupha injini yonse. Cotero mlimi ali yense wokhala ndi galimoto, talakita kapena cigayo ayenera kuidziwa, ngakhale iye mwini sagwira sipanala.

Pamwamba pa injini pali cibvundikiro cimene amakanika amacicha tapeti kava. Pansi pace pali mavavu ndi zitsulo zimene zimawatsegula ndi kuwatseka. Pampu imakoka oilo pansi mu sampu ndi kumukankhira kumwambako kuti zitsulozo zisapekesane, ndipo oiloyo amatsikanso ndi timabowo kubwerera mu sampu. Pakati pa cibvundikiro ndi mutu wa injini pali gasiketi, imene nchito yace ndi kutseka mpata kuti oilo asaturuke. Kutentha kwa zaka zambiri kumaumitsa gasiketi mpaka kung'aluka. Pamenepo oilo amayenderera m'mbali, amagwira pfumbi, ndipo akagwera pa citsulo cotentha ca ekisozi mumamva pfungo la kupserera ndi kuona utsi. Nthawi zina moto umabuka.

Magasiketi ali a mitundu iwiri, ndipo kusasiyanitsa mitunduyi ndiko kumasokeretsa anthu. Injini zakale, monga za talakita yotuwa ya Ferguson imene inapangidwa ku Coventry kuyambira 1946 mpaka 1956, ndi za ma Land Rover oyamba a 1948, zinali ndi gasiketi ya koki. Koki ndi khungwa lofewa la mtengo umene umamera kwambiri ku Portugal ndi ku Spain, lomwe lija amatsekera nalo mabotolo a vinyo. Gasiketi yotere imaterereka poiika, cifukwa cace amisiri akale anali kuimata ku cibvundikiro ndi ulimbo wocepa, mbali imodzi yokha. Mbali yoyang'ana ku injini anali kuisiya yosamata, kuti tsiku locuna matapeti cibvundikiro cicoke bwino, gasiketi osang'ambika. Matalakita ena akale ndi injini zina za zigayo zikali cotero, ndipo lamulo lace silinasinthe.

Magalimoto a masiku ano, monga Toyota Corolla, Hilux ndi Hiace amene adzaza miseu ya Lusaka, ali ndi gasiketi ya mphira youmbidwa molingana ndi kamzere kamene kali m'mphepete mwa cibvundikiro. Mphira imeneyi imatseka yokha ikapanikizidwa, ndipo iyenera kulowa youma. Mukaipaka silikoni pali ponse imaterereka, imaturuka m'kamzere kace pomanga mabauti, ndipo oilo amadontha kuposa kale.

Nanga silikoni amagulitsidwa cifukwa ninji? Cifukwa pali malo ocepa amene mphira siingatseke yokha. Mutu wa injini suli wosalala konse konse. Kutsogolo, pamene citsulo cobisa cheni cikumana ndi mutuwo, pali msoko wa zitsulo ziwiri. Pamene gasiketi ikwera kuzungulira kamushafiti ndi kutsikanso pali ngondya zakuthwa. Injini zina ziri ndi tizitsekero tooneka ngati mwezi wogamphuka, kumbuyo kapena kutsogolo. M'malo amenewa mokha ndimo muikidwa silikoni, kadontho kosaposa njere ya cimanga pa ngondya iri yonse. Pa injini zambiri malowa sapitirira anai kapena asanu ndi limodzi, ndipo buku la opanga galimotoyo limawasonyeza pa cithunzi. Cubu cimodzi cingakwanire magalimoto ambiri. Mukaona mmisiri atatsiriza cubu conse pa cibvundikiro cimodzi, muli ndi cifukwa cakumufunsa, mwaulemu ndithu, kumene silikoni yenseyo wapita.

Pakuti kumene amapitako ndi koopsya. Pomanga mabauti, silikoni wocuruka amafinyika mbali ziwiri. Woturukira kunja aoneka, ndipo ena amakondwa naye poyesa kuti ndiye cizindikiro ca nchito yolimba. Woturukira mkati saoneka. Iye amauma, amalendewera ngati nyongolotsi, ndipo patapita masabata kapena miyezi amaduka ndi kutsika pamodzi ndi oilo kunka mu sampu. Pakamwa pa paipi imene pampu imakokera oilo pali sefa ya waya. Tizidutswa tija timaunjikana pa sefayo monga zinyalala za m'dimba zimatsekera ngalande, ndipo oilo wofika ku mabelingi amacepa. Galimoto yopanda katundu ingayende masiku ena osaonetsa kanthu. Koma ikasenza matumba a makilogalamu 50 ndi kuyamba kukwera mapiri a pakati pa mlatho wa Luangwa ndi Rufunsa, kanyali kofiira ka oilo kamayaka, injini imagogoda, ndipo ulendo umathera pomwepo, cimanga ciri pamsana. Mtengo wa kukonza injini yonoka ungathe kudya phindu la munda wonse, pamene ciyambi cace cinali cubu ca ndalama zocepa.

Mtundu wa silikoni nawonso uli ndi kanthu. M'masitolo a zomangira nyumba muli silikoni womatira magalasi a mazenera ndi mabafa, amene amanunkha ngati viniga. Ameneyo si wa injini ai. Asidi wace amadya zitsulo, ndipo nthunzi ya silikoni wosayenera imaononga kacipangizo ka mu ekisozi kamene kamayesa mpweya pa magalimoto a petulo a makono. Gulani wolembedwa kuti ndi wa injini, wopirira oilo ndi kutentha. Za maonekedwe ace, kaya wakuda, wotuwa kapena wofiira, musakangane nazo. Werengani zolembedwa pa cubu.

Tsono kagwiridwe ka nchito. Injini iyambe yazizira. Tsukani pfumbi lonse pamwamba musanamasule bauti ngakhale limodzi, ndipo cibvundikiro cikacoka phimbani mavavu ndi nsaru yoyera. Ici ncofunika makamaka m'miyezi ya August ndi September, pamene mphepo imaulutsa pfumbi m'mabwalo a Chaisa ndi makomboni ena; mcenga wolowa mu injini sutulukanso wokha. Palani gasiketi yakale ndi silikoni wakale yense ndi kathabwa kapena kapulasitiki. Mitu ya injini zambiri tsopano ndi ya aluminiyamu, citsulo cofewa, ndipo mpeni kapena sukuludiraiva imasiya mikwingwirima imene oilo adzayendamo. Pukutani malowo ndi nsaru yonyowetsa tinala kapena petulo pang'ono, kutali ndi moto, mpaka aume gwa. Silikoni sagwira pa mafuta, ndipo ambiri amene amati silikoni wao ngwacabe anamuika pa citsulo ca oilo.

Lowetsani gasiketi m'kamzere kace, ikani timadontho tija pa ngondya, ndi kubvundikira msanga, pasanapite mphindi zisanu, pakuti silikoni akayamba kuuma pamwamba samatanso bwino. Pa injini za petulo zimene mapulagi ace amalowa pakati pa cibvundikiro pali timphete ta mphira tozungulira mabowo a mapulagi. Sinthani timeneti nthawi yomweyo; tikatha, oilo amadzaza m'mabowomo ndipo injini imayamba kutsimphina.

Pa kumanga mabauti ndipo pamene anyamata amphamvu amalakwa. Mabautiwa ndi ang'ono, ambiri a sipanala ya namba 10, ndipo mphamvu yofunika pa injini zambiri iri pafupi ndi 10 Nm. Kunena kwina, pa sipanala yotalika masentimita 20 mukoke monga munyamula makilogalamu 5 okha. Yambani ndi a pakati, muturukire kumbali modumphadumpha, ndipo mubwereze kawiri kapena katatu pang'ono pang'ono. Womanga mopitiriza amaphwanya gasiketi, amapinda cibvundikiro ca lata pa mabowo ace, kapena amathyola bauti mkati mwa mutu wa injini. Cibvundikiro ca lata copindika kale ciwongoledwe ndi nyundo yaing'ono pa thabwa losalala. Kudzaza mpatawo ndi silikoni sikuthandiza. Mukatha, musalize injini nthawi yomweyo. Dikirani maora awiri, ndipo ngati ulendo ulola, galimoto igone, pakuti silikoni amatenga maora 24 kuti aume kwatunthu.

Inu a kumidzi amene muli kutali ndi sitolo, gasiketi ya cigayo kapena ya pampu ya madzi ingathe kudulidwa pa pepala lace la magasiketi, limene limagulitsidwa m'masitolo a zitsulo za magalimoto. Ndi bwino kusunga cidutswa m'nyumba ya cigayo. Koma musadule pa cubu ca tayala, cifukwa mphira imeneyo imatupa ndi kufewa ikakhudza oilo wotentha.

Ngati gasiketi yatsopano, yoikidwa bwino, idonthanso pasanapite nthawi, musathamangire kuonjeza silikoni. Injini iri yonse iri ndi kapaipi kopumira, kamene kawiri kawiri kamacokera pa cibvundikiro comweco. Kakatsekeka ndi litsiro, mpweya umapanikizana mkati ndi kukankha oilo pali ponse pamene pali pofooka. Kacotseni, mukatsuke, ndipo ngati kali ndi kavavu mukagwedeze. Kabwino kamalira ngati kamwala m'citini. Pambuyo pa ulendo woyamba pukutani m'mbali mwa cibvundikiro ndi kuyang'ananso m'mawa mwace. Gasiketi ya koki imaphwa pang'ono ikatenthedwa, cotero mabauti ace afuna kukokedwanso pang'ono. Ya mphira isiyeni monga iri.