Mwana wa mlimi akaona bwalo la Lincoln koyamba

Funsani nkhalamba ya ku Nebraska, m'dziko la America, kuti idye ciani dzana, mwina idzakanda mutu. Koma ifunseni za tsiku limene inapita koyamba kukaonelela mpila wa pa yunivesite, mudzacita kuiletsa nokha kukamba. Idzakuuzani amene anaitenga, galimoto imene anakwela, cimene inadya pa njila, ngakhale kuzizila kwa benchi imene inakhalapo. Zigoli zokha ndizo ambili aiwala.

Tiyambe tamvana za mpila umene tikamba pano, cifukwa si bola yathu ija ya miyendo. Wao ndi wosongoka uku ndi uku ngati papaya, ndipo amaunyamula m'manja, kuuponya ndi kuthawa nao. Mbali iliyonse ikhala ndi anyamata 11 ovala zisoti zolimba ndi zochinga mapewa. Timu ipatsidwa mipata 4 kuti ipite patsogolo mayadi 10, ndipo ikalephela mpila upita kwa anzao. Wofika nao kumapeto kwa bwalo apatsa timu yake mapointi 6, ndiye touchdown imeneyo. Pa koloko masewela ndi a mphindi 60, koma kamba ka kuima-ima amatha maola atatu ndi kuposa. Ife titaona koyamba pa wailesi ya kanema tinayesa ndeu ya pa mowa. Malamulo ake alowa m'mutu pang'ono-pang'ono.

Masewela oyamba pakati pa masukulu aakulu anacitika pa 6 November 1869, pamene Rutgers inagonjetsa Princeton 6 kwa 4. Kucokela apo mwambo unakhazikika wakuti Cisanu madzulo ndi ca masukulu a sekondale, Ciwelu ndi ca mayunivesite, ndipo Sondo ndi ya akatswili olipidwa a NFL.

Nanga n'cifukwa ciani tasankha Nebraska pa madela onse? Cifukwa ndi dziko la alimi. Anthu ake ndi pafupi-fupi 2 miliyoni cabe, ndipo ng'ombe ndi zambili kuposa anthu. Cimanga cili mbali zonse, ngakhale kuti coculuka ndi cija cacikasu codyetsa ziweto ndi kupangila mafuta a galimoto, osati ca nsima. Yunivesite yao ya mumzinda wa Lincoln inakhazikitsidwa mu 1869, ndipo ndi imodzi mwa masukulu amene boma linapatsa malo pansi pa lamulo la Morrill la mu 1862 kuti ana a anthu wamba aphunzile ulimi ndi nchito za makina. Dzina la timu ndi Cornhuskers, kutanthauza osenda cimanga. Analifalitsa ndi mtolankhani Cy Sherman ca m'ma 1900. Lisanabwele limenelo anali kuchedwa Bugeaters, odya tizilombo, dzina limene ife odya inswa ndi mafulufute sitikanaliona cilema. Ku Nebraska kulibe timu ya NFL, conco mtima wa dela lonse uli pa ana a sukulu amenewa.

Nyengo ya mpila iyamba kumapeto kwa August kufika mu November, ndiye nthawi yomweyo ya kukolola kwao. Ici n'cimene cicititsa kuti ana ambili a pa mafamu audziwe mpila ndi makutu asanauone ndi maso. Bambo ali pa thalakita kapena pa makina okolola, wailesi ili pambali, mwana akhala pafupi namva maina a osewela ndi phokoso la khamu. Amene munakula mukumva malemu Dennis Liwewe akuulutsa bola pa wailesi mudziwa mmene mwana amamangila bwalo lonse m'mutu mwake. Ndipo kuti mlimi asiye cimanga m'munda tsiku lathunthu nyengo ili bwino, cisanu cili pafupi, si nkhani yaing'ono. Pa caka timu isewela pakhomo maulendo 6 kapena 7 cabe. Mwana amene atengedwa pa tsiku lotele adziwa kuti bambo wake wataya kanthu cifukwa ca iye, ndipo tiganiza kuti apa ndi pamene pagona mphamvu ya cikumbukilo cimeneci.

Ulendo wake nawo si wa pafupi. Wocokela ku Scottsbluff, kumadzulo kwa delali, ayenda makilomita oposa 600 kuti afike ku Lincoln, kuposa ulendo wa pakati pa Chipata ndi Lusaka. Anyamuka kukali mdima. Pa mseu waukulu wa Interstate 80 magalimoto ayamba kuculuka, onse a anthu ovala zofiila. Akafika apeza ena atayala kale mbaula kumbuyo kwa magalimoto, akuocha nyama ndi kugawana ndi aliyense wodutsa. Pali cakudya cina cochedwa Runza, buledi wokhala ndi nyama yogaya, kabichi ndi anyezi m'kati, cimene cinabwela ndi Ajelemani ocokela ku Russia. Kukazizila, ana acigwila m'manja kaye kuti zala zifunde asanayambe kudya.

Koma cimene pafupi-fupi onse akumbukila ndi kamphindi kamodzi. Mwana akwela masitepe a simenti m'kamdima, atagwila dzanja la bambo kapena agogo, saona kanthu koma misana ya anthu. Mwadzidzidzi atulukila poyela. Pansi pali bwalo lobiliwila, ndipo mbali zonse mpaka m'mwamba ndi anthu ofiila okha-okha. Bwalo limeneli, Memorial Stadium, linamangidwa mu 1923 pokumbukila ana a Nebraska amene anapita ku nkhondo. Poyamba linali la anthu 31,000, koma analikulitsa kangapo kufika pa anthu oposa 85,000. Likadzala, anthu a m'katimo aposa a mzinda uliwonse wa ku Nebraska kupatulako Omaha ndi Lincoln. Ganizilani mwana wocokela ku kamudzi ka anthu 300, amene khamu lalikulu limene analionapo ndi la pa malilo kapena pa Misa ya Khisimasi.

Kenako gulu la oimba malipenga ndi ng'oma, ana a sukulu pafupi-fupi 300, lilowa m'mizele. Kuyambila mu 1994 osewela aonetsedwa pa kanema wamkulu akucoka m'cipinda cao kudzela m'mpata wa pansi, nyimbo ikugunda, khamu likuomba m'manja mogwilizana mpaka simenti kunjenjemela. Kwa zaka zambili kunalinso mwambo wa mabaluni ofiila. Mwana anali kugwila cingwe ca baluni yake mwamphamvu kudikila kuti timu igoletse koyamba, ndiye onse n'kutaya pamodzi, thambo n'kufiila. Ambili amene lelo ali ndi imvi akumbukila baluni imeneyo kuposa wosewela aliyense. Mu 2022 akulu-akulu a yunivesite anaimitsa mwambowu cifukwa mpweya wa helium unasowa pa msika, ndipo zipatala zinali kuufuna kwambili. Ena anali atadandaula kale kuti mabaluniwo akagwa aipitsa minda ndi mitsinje.

Pali khalidwe lina limene ife talikonda koposa zonse. Masewela akatha, oonelela a ku Lincoln amene akhala pafupi ndi potulukila alendo aimilila ndi kuwaombela m'manja, kaya alendowo apambana kapena aluza. Mu 1980 timu ya Florida State inapambana pa bwalo limeneli, ndipo mphunzitsi wao Bobby Bowden anadabwa nazo kotelo kuti analemba kalata yoyamika anthu a ku Nebraska. Mwana amene aona bambo wake, nkhope ili gwa ndi cisoni, akuombela m'manja anthu amene angomuliza kumene, waphunzila cinthu cimene sitidziwa ngati katekisimu yekha angaciphunzitse msanga conco.

Si Nebraska yokha ili ndi miyambo yotele. Kwa anansi ao a ku Iowa, m'zaka za m'ma 1980 mitengo ya mbeu ndi ya minda itagwa, mabanki akulanda mafamu kamba ka nkhongole, mphunzitsi Hayden Fry anaika kacizindikilo ka malembo atatu, ANF, pa zisoti za osewela ake mu 1985. Tanthauzo lake linali lakuti America ifunika alimi. Dziko lonse linaona pa kanema. Pa bwalo lomwelo la Kinnick, kuyambila mu 2017, cigawo coyamba ca masewela cikatha anthu onse pamodzi ndi osewela atembenuka ndi kubaibitsa ana odwala amene ayang'ana pa mawindo a cipatala ca ana coyandikana ndi bwalolo. Ndipo akhristu a Katolika adziwa za Notre Dame ku Indiana, sukulu imene anayambitsa Bambo Edward Sorin a cipani ca Holy Cross mu 1842. Kumeneko obwela koyamba ambili ayamba ayatsa kandulo pa phanga la Amai Maliya, lomangidwa motengela la ku Lourdes, asanalowe m'bwalo. Pa khoma la laibulale pali cithunzi cacikulu ca Yesu atakweza manja, ndipo popeza woimbila mpila akweza manja cimodzi-modzi timu ikagoletsa, anthu anacipatsa dzina lanthabwala lakuti Touchdown Jesus. Masewela akatha pakhala Misa.

Tibwelele ku Lincoln, cifukwa pali cina cimene cinali kumanga mlimi ndi timu yake. M'midzi ing'ono-ing'ono anyamata sakwana 11, conco mu 1934 mphunzitsi Stephen Epler wa ku Chester anayambitsa mpila wa anthu 6 mbali iliyonse. Anyamata a m'masukulu otele kawili-kawili sanali kuonedwa ndi ofuna-funa osewela. Koma Nebraska inachuka ndi kulandila mnyamata aliyense wolimba mtima amene abwela yekha, wodzilipilila sukulu, kudzayesa mwai. Otele achedwa walk-on. Pa nthawi ya Tom Osborne, amene anaphunzitsa timuyi kucokela mu 1973 mpaka 1997 ndi kutenga cikho ca dziko mu 1994, 1995 ndi 1997, anyamata ambili a pa mafamu analowa mwa njila imeneyi, ena mpaka kukhala akatswili. Conco mwana wokhala pamwamba pa bwalo anali kulozeledwa ndi bambo wake kuti uyo wavala nambala yakuti-yakuti ndi wa kwathu, atate ake tigula nao feteleza pamodzi. Mwanayo anali kubwelela kumudzi akudziwa kuti nayenso khomo silinatsekedwe.

Khomo limenelo tsopano lacepa, ndipo cacepetsa ndi ndalama. Kuyambila mu 2021 osewela aloledwa kulandila malipilo pogwilitsa nchito dzina ndi nkhope zao pa malonda. Mu June 2025 khoti linavomeleza mgwilizano wolola yunivesite kugawila osewela ake ndalama mwacindunji, pafupi-fupi madola 20.5 miliyoni pa caka coyamba. Ife sititsutsa zimenezi. Kwa zaka zambili masukulu ndi makampani a kanema anali kudya mabiliyoni pa thukuta la ana amene sanali kulandila malipilo, pamene ena mwa iwo anali kuthyoka maondo, ndipo ofufuza a ku Boston University apeza matenda a ubongo mwa ambili amene anagundana mitu zaka zambili. Wanchito ayenela malipilo ake. Koma mgwilizano womwewo unaika malile akuti timu isapose osewela 105, pamene Nebraska inali kusunga pafupi-fupi 150. Amene atsale kunja ndi anyamata aja obwela okha. Ndiponso osewela masiku ano asamuka sukulu caka ndi caka kutsata kumene kuli ndalama, kotelo kuti mwana amene waloweza dzina la wosewela mu September angamupeze atavala malaya a adani caka camawa.

Ngakhale adani akale anasintha. Agogo a lelo anakula akudikila masewela a Nebraska ndi Oklahoma kumapeto kwa November, maka-maka aja a mu 1971 amene Nebraska inapambana 35 kwa 31. Nebraska itasamukila m'gulu la Big Ten mu 2011, kukumana kwa caka ndi caka ndi anansi akale kunatha.

Codabwitsa n'cakuti anthu sanaleke kubwela. Kucokela pa 3 November 1962, matikiti a masewela alionse a pa Memorial Stadium akhala akugulidwa onse, ndipo mu September 2024 ciwelengelo ca masewela otele otsatizana cinafika 400. Izi zinacitika ngakhale kuti kwa zaka 7, kucokela mu 2017 mpaka 2023, timuyi inali kuluza kambili kuposa kupambana. Tinene zoona, mbili imeneyi inatsala pang'ono kuduka. Mu 2021, patatsala masiku ocepa kuti asewele ndi Fordham, matikiti ena anali asanagulidwe. Anthu ena olemela anagula otsalawo ndi kuwapeleka kwa ana a m'mabanja osauka amene sakanakwanitsa mtengo wake. Ena ananyoza kuti uku n'kubisa manyazi ndi ndalama, ndipo mwina ananena zoona. Koma pa Ciwelu cimeneco, pa 4 September, ana ambili amene anali asanapondepo m'bwalomo anakwela masitepe aja a m'kamdima atavala zofiila, ndipo Nebraska inapambana 52 kwa 7.