Nsungwi yaifupi, mtengo wautali

Pamsika tonse timadziwa lamulo lake: chachikulu ndicho chimadula. Thumba la makilogalamu 50 silingafanane mtengo ndi la makilogalamu 20. Koma abale anzanga, ulipo katundu wina amene lamuloli limayenda chafutambuyo, ndipo ndati lero ndikutsineni khutu. Ndikunena ndodo zakale zansungwi zowedzera nsomba ya trout. Pa ndodo zimenezi yaifupi ndi yopepuka ndiyo ogula amalimbirana, pamene yaitali ndi yolemera imangokhala pakona kusowa woifunsa.

Mwina wina wayamba kale kuseka kuti nsungwi n'chiyani, si yomweyi timalukira madengu, malichero ndi mono? Dekhani. Ndodo imeneyi si nsungwi yongodula kudambo n'kumangirira chingwe ndi mbedza ayi. Mmisiri amang'amba nsungwi, n'kuiwamba pamoto kuti chinyezi chichoke, kenaka n'kupala timizere tisanu ndi kamodzi, kalikonse ka ngodya zitatu, tonka titaonda cha kunsonga. Timizereto amatimata ndi guluu n'kukhala ndodo imodzi ya mbali 6, yopanda bowo m'kati. Mphamvu ya nsungwi ili m'mitsempha ya pafupi ndi khungu, n'chifukwa chake mmisiri amapala m'kati, kunja amangochotsa khungu lokha. Ndodo imodzi yopanga pamanja imadya maola 40 kapena kuposerapo.

Nsungwi yakenso si ya paliponse. Amaitcha Tonkin, ndipo imamera kumwera kwa China, m'mapiri a m'mbali mwa mtsinje wa Sui, kumalire a zigawo za Guangdong ndi Guangxi. Luso lenileni lidakulira ku America. Hiram Leonard adayamba kupanga ndodo za mbali 6 ku Bangor, m'boma la Maine, cha m'ma 1870, ndipo mu 1881 adasamutsira fakitale yake ku Central Valley, New York. Anyamata amene adaphunzira ntchito pa iye, monga Ed Payne, Fred Thomas ndi Eustis Edwards, adadzatsegula zawozawo. Ku Mangalande kampani ya Hardy, yomwe idayamba mu 1872 m'tauni ya Alnwick, inkalemba dzina lakuti Palakona pa ndodo zake zansungwi.

Nanga chidathetsa malondawa n'chiyani? Ndale ndi sayansi. Mu 1950, nkhondo ya ku Korea itabuka, America idaletsa katundu wochokera ku China, ndipo chiletsocho chidakhalapo mpaka 1971. Nsungwi ya Tonkin idasowa. Nthawi yomweyo n'kuti ndodo za fibreglass zitayamba kudzaza m'masitolo pamtengo wozizira, ndipo mu 1973 kudabwera za graphite, zopepuka koposa. Mafakitale ambiri a nsungwi adatseka kapena kusintha ntchito. Ochita malonda mukudziwa kale nkhani yotere: malire akatsekedwa, bizinesi ya munthu wosalakwa imafera m'manja.

Tsono chifukwa chiyani yaifupi ndiyo yodula? Zifukwa ndi ziwiri. Choyamba, kale ndodo yozolowereka inali ya mafiti 9, ndiye kuti mamita 2.7, yodukizadukiza patatu. Makampani monga Montague, South Bend ndi Horrocks-Ibbotson adapanga zoterezi zankhaninkhani, moti mpaka lero zili mbwee. Zazifupi, za mafiti 6 mpaka 7 ndi theka, adapanga zochepa. Chachiwiri, nsungwi ikatalika imalemera, dzanja limatopa, ndipo pamenepo graphite imaposa. Koma pa mamita awiri kulemera kwa nsungwi sikumveka, chimatsala ndi kufewa kwake kokoma. Paul Young wa ku Detroit adapanga ndodo yotchedwa Midge ya mafiti 6 ndi mainchesi 3, yolemera pafupifupi magalamu 50. Ya Leonard yotchedwa Baby Catskill inkalemera pafupifupi magalamu 30, kupepuka kuposa dzira la nkhuku! Ndodo zazifupi za Jim Payne kapena Everett Garrison zimagulidwa madola masauzande pa okushoni, pamene yaitali ya Montague wogula amaperekapo madola ochepa chabe.

Kodi zikutikhudza bwanji ife kuno? Nsomba ya trout si yathu. Atsamunda adaibweretsa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 n'kuiika m'mitsinje yozizira ya paphiri la Zomba, monga Mulunguzi, ndipo idafikanso ku Mulanje ndi m'madamu a ku Chelinda pa Nyika. Anzathu ali ku Zimbabwe akuidziwa ya ku Nyanga, a ku Joni amva za Dullstroom. Kumene kudafika trout kudafikanso ndodo zake. Mabwana a boma ndi a m'maesiteti a tiyi ankabwera nazo kuchokera ku Britain. Choncho amene mumagula katundu wakale wa m'nyumba, kapena muli ndi abale ku Britain ndi ku South Africa amene amayenda m'misika ya zinthu zakale, mukaona kachubu kaatali kachitsulo kapena kathumba kansalu kokhala ndi timitengo ta mbali 6, musafulumire kunena kuti ndi nkhuni.

Komatu chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Vanishi wonyezimira asakupusitseni. Ine ndikagwira ndodo yotere ndimayamba ndi kuyala zigawo zake pansi. Pa ndodo zambiri zigawozo zimayenera kulingana kutalika. Nsonga ikakhala yaifupi kuposa zinzake, dziwani kuti idathyokapo, ndipo mtengo wagwa kale. Ndodo zabwino zinkabwera ndi nsonga ziwiri, ndiye funsani inzake. Kenaka ndimaipotokola pang'onopang'ono ndili tcheru: kukamveka kuti the-the kapena mzere n'kutseguka, guluu adatha mphamvu. Timapaipi tachitsulo tolumikizira zigawo tisakhale tong'aluka kapena togwedera, ndipo pozula tizilira kuti pho! Kukhota pang'ono si mlandu, mmisiri amawongola ndi kutentha. Koma timabowo ta kufumbwa ndi mabanga akuda a chinyezi pansi pa ulusi womangira timphete, amenewo ndi matenda enieni. Pomaliza werengani dzina. Limalembedwa ndi inki pansungwi pafupi ndi chogwirira, kapena kudindidwa pachitsulo cha kutsinde. Za Hardy zili ndi nambala imene odziwa amadziwira chaka chimene ndodoyo idapangidwa.

Palinso kachinyengo kena kamene muyenera kukadziwa. Poona kuti zazifupi zikuyenda malonda, ena amatenga ya mafiti 9, n'kutaya chigawo cha kutsinde, n'kuika chogwirira chatsopano pa ziwiri zotsalazo. Basi yasanduka ya mafiti 6. Kuwedza imawedza ndithu, ndipo palibe cholakwa ngati wogulitsa wanena zoona. Kulakwa n'kuitchula kuti idabadwa choncho. Ziliponso zotchipa za ku Japan za m'mabokosi amatabwa, zimene asilikali a ku America ankagula nkhondo itatha mu 1945. Bokosi lake ndi lokongola, koma katundu wake ndi wamba. Safunsa adadya phula.

Kawedzedwe kake nakonso n'kosiyana ndi kathu ka nyongolotsi. Nyambo ndi kachilombo kabodza, komangidwa ndi nthenga ndi ulusi pa kambedza. Kameneka sikalemera kanthu, ndiye chimene mumaponya ndi chingwe, chomwe chimakhala chonenepa ndi cholemererapo. Zingwe zili ndi manambala; ndodo zazifupizi zimafuna nambala 3, 4 kapena 5. Zakale zina zidapangidwira zingwe za silika zimene zinkadziwika ndi zilembo, monga HEH ndi HDH, ndipo timphete take ndi tating'ono, choncho chingwe chamakono chonenepa kwambiri chimakakamira.

Malo ake ndi kamtsinje kakang'ono ka mitengo yoweramira m'madzi, kumene ndodo yaitali imangokodwa m'nthambi. Simufunika kuponya kutali, mamita 5 mpaka 10 akwana. Nsungwi sifuna phuma: kwezani, dikirani chingwe chitambasuke kumbuyo, kenaka kankhani mofatsa. Trout imayang'ana kumene madzi akuchokera, ndiye inu muziyenda chokwera mtsinje, kuidzera kumbuyo, chithunzithunzi chanu chisagwere pamadzi. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Nsomba ikadya musaimike ndodo chilili, nsonga ingathyoke. Mbedza ikakodwa mumtengo, ikani ndodo pansi, kokani chingwe ndi dzanja. Mukaweruka ipukuteni, iume usiku wonse musanaibweze m'chubu, ndipo musaitsamiritse pakhoma chifukwa imakhota. Ndodo yotere musapite nayo ku Bua kukalimbana ndi mpasa, muiphetsa. Ndipo musanaponye chingwe m'nkhalango ya boma kapena m'paki, yambani mwafunsa za chilolezo kwa oyang'anira malowo.

Ena anena kuti awa ndi masewera a anthu okhuta, pamene msodzi wa ku Chilwa amawedza kuti ana adye. N'zoona, sindikutsutsa. Ndikuvomerezanso kuti trout ndi mlendo wolusa, amene m'maiko ambiri adadya tinsomba ta eni nthaka. Koma nsomba imeneyi ili ndi umboni umene tiyenera kuumva. Imafuna madzi oyera ndi ozizira. Akatentha kupitirira madigiri 20 imayamba kuvutika. Mitengo ya m'mbali mwa mtsinje ikadulidwa, dzuwa limalowa, dothi limakokolokera m'madzi, trout n'kutha. Madzi a Mulunguzi omwewo ndi amene anthu a mumzinda wa Zomba amamwa. Nsomba ikathawa mtsinje, mpopi nawo uli m'njira.

Kwa inu ophunzira, taganizani izi. Udzu womera m'phiri la ku China, utadutsa m'manja mwa mmisiri wodziwa kuyeza, ukugwirabe ntchito patatha zaka 80 kapena 100, ndipo anthu akuulimbirana. Chimene akugula si nsungwi, ndi kuyeza kosaphonya ndi dzina la munthu amene sadabere ntchito. Amisiri athu a mipando ndi madengu luso ali nalo m'manja, koma ndi angati amene amalemba dzina lawo pa chimene apanga kuti wogula adzawafunenso? Ndipo inu a malonda, katundu amene simukumudziwa musamutchulire mtengo tsiku lomwelo. Musungeni pouma, werengani dzina, funsani odziwa, kenaka muzikambirana za ndalama.