Musanagule Ampulifaya, Yambani Mwatembenuza Sipika

Munthu akalowa m'sitolo ya zamagetsi kukafuna ampulifaya yolumikiza ku masipika a pabalaza, wogulitsa amathamangira kumulozera nambala yaikulu yolembedwa pa katoni: 2000W, mwinanso 5000W. Wogulayo, poopa kutaya tindalama take pa chinthu chofooka, amanyamula ya nambala yaikulu koposa n'kumapita akumwetulira. Apa ndi pamene ambiri amapusitsikira. Ntchito ya ampulifaya ndi kukankha masipika, choncho oyenera kufunsidwa poyamba ndi masipikawo. Munthu amene wawerenga manambala awiri okhudza sipika yake angathe kugula ampulifaya yaing'ono, yotsika mtengo, n'kumamva nyimbo zoyera bwino kuposa mnzake amene walowa m'ngongole chifukwa cha mawati a pa katoni.

Nambala yoyamba ndi ya ma ohm, ndipo kawirikawiri imalembedwa kumbuyo kwa sipika, pafupi ndi polowetsa waya. Masipika ambiri a m'nyumba amakhala a ma ohm 8, 6 kapena 4. Nambalayi ikachepa, sipika imakoka moto wambiri kuchokera mu ampulifaya, monga m'mene paipi yaikulu imaphwetsera thanki msanga. Ampulifaya imene inapangidwira ma ohm 8 okha ikapatsidwa masipika a ma ohm 4 imatentha, imazima yokha nyimbo zili m'kati, ndipo ikakhala yopanda chitetezo imapsa. Vutoli limabweranso ndi chizolowezi chopachika masipika awiri pa malo amodzi: awiri a ma ohm 8, mawaya awo akalowa limodzi pa zomangira zomwezo, amasanduka ma ohm 4, ndipo awiri a ma ohm 4 amasanduka 2, katundu amene maampulifaya ambiri a m'nyumba sangamusenze. Choncho muyeso woyamba ndi wapafupi: ampulifaya ikhale yolembedwa kuti imalola ma ohm a masipika anu.

Nambala yachiwiri imapezeka m'kabuku ka sipika kapena pa intaneti, ndipo imanena kukwera kwa mawu amene sipika imatulutsa ikapatsidwa wati imodzi yokha, womvera ali pa mtunda wa mita imodzi. Mawuwo amayezedwa m'ma dB, ndipo masipika ambiri a m'nyumba amakhala pakati pa 85 ndi 90. Tiyerekeze sipika ya 87 dB. Wati imodzi ikupatsani 87, mawati 2 akupatsani 90, mawati 4 ndi 93, mawati 8 ndi 96. Nthawi iliyonse mukawirikiza mawati, mawu amangokwera ndi 3 dB, kusiyana kumene khutu limakumva koma kosadzidzimutsa. Kuti nyimbo zimveke ngati zakwera kawiri, pamafunika mawati ochuluka kakhumi. Zikutanthauza kuti ampulifaya ya mawati 100 imaposa ya mawati 50 ndi kachidutswa chabe, ngakhale mitengo yake italikirane. Zikutanthauzanso kuti sipika ya 90 dB imafuna theka la mphamvu imene ya 87 dB ikufuna kuti zilire mofanana. Kumbukiraninso kuti phokoso la 85 dB, munthu akakhalamo maola 8 tsiku ndi tsiku, limayamba kuononga makutu. Pabalaza wamba, nyimbo zambiri zimamveredwa pa mawati ochepa kwambiri, ndipo otsalawo amangodikira pamene ng'oma kapena besi yagunda mwamphamvu. Mawati enieni 30 mpaka 60 mbali iliyonse amakwanira nyumba zambiri.

Mawu akuti enieni ndi ofunika, chifukwa mawati ali ndi mabodza ake. Nambala zikuluzikulu zija nthawi zambiri zimatsatana ndi zilembo zakuti PMPO, muyeso wopanda lamulo logwirizana, umene kampani iliyonse imawerengera m'mene yafunira. Nambala yokhulupirika ndi ya RMS, yonena mphamvu imene ampulifaya ingatulutse mosalekeza, ndipo wopanga woona mtima amatchulanso ma ohm ndi kuti mbali zonse ziwiri zikulira. Chinyengochi n'chakale: ku America boma linachita kukhazikitsa lamulo mu 1974 lokakamiza makampani kulemba mphamvu yeniyeni. Koma wogula safunika loya kuti agwire bodza. Tembenuzani ampulifaya muwerenge kachikwangwani ka pafupi ndi chingwe cha magetsi. Ngati akuti imadya mawati 60 kuchokera pa soketi, singatulutse mawati 2000 mosalekeza, pakuti palibe chipangizo chopereka moto woposa umene chalandira. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Umboni wakuti mawati enieni ochepa amakwana ndi NAD 3020, ampulifaya imene inatuluka mu 1978 italembedwa mawati 20 okha mbali iliyonse, koma inagulidwa kwambiri chifukwa inkakankha bwino ngakhale masipika ovuta, ndipo mpaka lero okonda nyimbo amaisakasaka.

Wina anganene kuti ampulifaya yaing'ono ndi imene imapha masipika, ndipo mawuwa ali ndi choonadi chake. Ampulifaya ikakakamizidwa kupyola mphamvu zake imadula nsonga za mawu, nyimbo zimayamba kukhadzula m'makutu, ndipo kasipika kakang'ono ka mawu oonda kamatentha mpaka kupsa. Koma mlandu apa ndi wa dzanja limene likupotokola voliyumu mpaka kumapeto. Ampulifaya yaikulu nayonso imaotcha sipika ikatsegulidwa mopyola muyeso. Chizindikiro chimamveka: mawu akayamba kusweka, bwezani voliyumu. Amene masipika ake ndi a 85 dB ndipo chipinda chake n'chachikulu, ameneyo alidi ndi chifukwa chofunira mawati 80 kapena 100. Amene akufuna zoimbira pa chinkhoswe kapena pa msonkhano wa panja akufuna zimkuzamawu za mtundu wina, ndipo masipika a pabalaza akawatengera kumeneko adzabwerako ali maliro.

Winanso anganene kuti chotsika mtengo sichingalire bwino. Kale zinali choncho, koma lero pali njira ziwiri. Yoyamba ndi timaampulifaya ta Class D, tokwana m'dzanja, topangidwa ndi makampani monga Fosi Audio ndi SMSL. Sititentha kwambiri, sitidya magetsi ambiri, ndipo tambiri timayendera moto wa DC, tina mwa ito kuyambira mavoti 12, zimene zimathandiza nyumba zodalira sola. Chofunika kudziwa n'chakuti mphamvu yake imadalira adaputa: pa mavoti 12 timatulutsa mawati ochepa kuposa olembedwa pa katoni. Njira yachiwiri ndi ya kaunjika. Maampulifaya akale a Yamaha, Pioneer, Technics, Kenwood ndi Denon anapangidwa molimba, ndipo amisiri amatha kuwakonza. Musanalipire, imvereni mbali zonse ziwiri, potokolani mabatani mumve ngati akuthetheka, isiyeni ilire kwa mphindi zingapo muone ngati sikutentha modabwitsa. Werenganinso mavoti ake: magetsi a ku Malawi ndi Zambia ndi a mavoti 230, pamene katundu wochokera ku America amafuna 120 ndipo wa ku Japan amafuna 100. Ampulifaya yotere ikalowa pa soketi popanda thiransifoma, ingathe kufuka utsi nthawi yomweyo.

Ndalama zotsala mutakana mawati a bodza zili ndi ntchito yabwino. Gulani waya wa kopa wonenepa bwino, wosafuna dzina lotchuka, ndi kachipangizo koteteza ku magetsi obwera mwamphamvu akathima, pakuti mdani ameneyu sasankha ampulifaya yodula kapena yotchipa. Ngati patsalabe kanthu, sungirani masipika abwinopo, chifukwa kukoma kwa nyimbo kumasintha kwambiri ndi sipika kuposa ndi ampulifaya. Choncho musanapite ku sitolo, lembani pa kapepala ma ohm ndi ma dB a masipika anu, ndipo wogulitsa akakulozerani 5000W, mufunseni akuuzeni mawati a RMS. Akayamba kuzungulirazungulira, ndalama zanu zibwerere m'thumba.