Mlombwa wa ku Chinyunyu, mpando wa ku Copenhagen

Malole ochoka ku Rufunsa kulowera ku Lusaka pa Great East Road amanyamula makala koposa china chilichonse, matumba osanjikizana mpaka galimoto kuyenda chopendekera. Matabwa nawo amadutsa, ena masana ali ndi zikalata zake, ena usiku. Koma mukaona mpando pamwamba pa galimoto pa Chinyunyu, kawirikawiri umakhala ukuchokera kutauni: wapulasitiki woyera uja wa pamaliro ndi paukwati, kapena sofa wonenepa womangidwa ndi zingwe padenga la minibasi. Anthu okhala pakati pa mitengo akugula mipando kwa anthu amene alibe nkhalango.

Apaulendo amadziwa Chinyunyu chifukwa cha kasupe wa madzi otentha amene ali pafupi ndi msewu mukapitirira Chongwe kuchokera ku Lusaka. Kuno ndi kwa Asoli, m'dziko la Mfumu Bunda Bunda, m'boma la Rufunsa limene linapatulidwa ku Chongwe m'nthawi ya Pulezidenti Michael Sata. Tchire lake ndi la miombo. Mombo ndi mitondo imathera m'mauvuni a makala, koma mwa apo ndi apo mumapezeka mitengo ya mmisiri: mlombwa, umene kuno ambiri amati mukwa, muwanga wobunthitsa sowo, msambamfumu, ndi mbawa cha kumitsinje.

Mpando umayambira kwa ocheka matabwa, ngakhale palibe amene amawakumbukira akakhala pansi. Amagwira ntchito awiriawiri. Akagwetsa mtengo amadula chipika, n'kuchisema mbali zonse ndi nkhwangwa, kenaka n'kuchigubuduzira pamitanda yoyalidwa pamwamba pa dzenje. Mizere amalemba ndi chingwe chonyika m'makala osinja othira madzi: achikunga mbali zonse ziwiri, achinyamula pakati, achitaya kuti thwa, mzere wakuda watsala pachipika. Wapamwamba ndiye mwini luso, pakuti ndiye amayang'ana mzere ndi kuwongolera sowo. Wam'dzenje ntchito yake ndi kukoka basi, utuchi ukumugwera m'maso ndi m'khosi kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Masiku ano sowo wa injini ukuwalanda ntchito. Ndi wachangu, inde, koma ndi wadyera: unyolo wake umasandutsa utuchi gawo lalikulu la chipika, ndipo thabwa limatuluka lokhakhala, lofuna kupala kwanthawi yaitali.

Lamulo la nkhalango la 2015 limafuna kuti wodula mtengo wa matabwa akhale ndi chilolezo, ndipo wonyamula matabwa pamsewu akhalenso ndi chake. Amalonda akuluakulu zimenezi amazitha. Kalipentala wa pamudzi, wofuna matabwa asanu a chitseko ndi felemu yake, amangogula kwa amene wabwera nawo pangolo kapena panjinga, osafunsa zambiri. Nkhani ya mukula, mtengo wa mtundu umodzi ndi mlombwa, inaonetsa kumene ndalama zenizeni za mitengo yathu zimapita: zipika zinatuluka m'Zambia mwaunyinji kupita ku China kukapangidwa mipando ndi makabati a anthu olemera, boma likuletsa, kutsegula, kuletsanso, mpaka mu 2019 mtengowu unalembedwa m'pangano la CITES loyang'anira malonda a zachilengedwe zimene zikutha. Mu 2022 mlombwa, msambamfumu ndi mbawa nazo zinalowa m'ndandanda womwewo.

Kalipentala wa ku Chinyunyu simumupeza m'nyumba ya magalasi. Amakhala pansi pa mtengo kapena m'chisakasa cha malata akale, ndi benchi lolemera, sowo, pulena, matchizulo awiri kapena atatu, hamala, sikweya, tepi ndi mwala wonolera. Ambiri mwa iwo ndi alimi. Mvula ikagwa amatseka bokosi la zida n'kulowa m'munda, ndipo sataya kanthu, chifukwa makasitomala awo nawonso nthawi imeneyo ndalama zonse zili ku feteleza. Ntchito imabwera chimanga chikagulitsidwa ndipo a FRA, bungwe la boma logula chimangacho, akalipira. Pamenepo ndiye anthu amakumbukira chitseko chodyedwa ndi chiswe, bedi la mwana amene akukwatira, mabenchi a tchalitchi. Ntchito yosasankha nyengo ndi imodzi yokha, bokosi la maliro, limene limakhomedwa usiku ndi tochi, nthawi zina pangongole imene mmisiri sadzaifunsa n'komwe.

Ophunzira ntchito ndi ana a abale, adzukulu, anyamata amene sukulu inawakanika. Miyezi yoyamba mnyamata sakhudza tchizulo. Amapala matabwa, amakwecha ndi sandipepa, amawongola misomali yakale pamwala, amatumidwa guluu kugolosale. Pali masukulu a ntchito zamanja olembetsedwa ndi TEVETA amene amapereka satifiketi, koma ambiri ali kumatauni, ndipo wopita kumeneko sabwerera msanga. Amakathera ku Kalingalinga, m'mbali mwa Alick Nkhata Road, kumene mabedi, makabati ndi masofa amayalidwa panja kudikira ogula a mu Lusaka. Chimene chinagwedeza amisiri a m'maboma zaka zapitazi ndi madesiki. Sukulu itakhala yaulere mu 2022, ana anadzaza makalasi, ndipo thumba la chitukuko la CDF litakwera kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera lililonse la phungu, maoda a madesiki anayamba kuperekedwa kwa amisiri a m'madera momwemo. Koma desiki ndi felemu yachitsulo ndi thabwa pamwamba. Wowotcherera ndiye anadyapo bwino, wa pulena n'kungotola nyenyeswa.

Mipando ya kwathu kuno ilipo yamitundu ingapo. Kampando kolukidwa ndi zingwe za chikopa cha mbuzi kapena ng'ombe n'kakale. Mpando wa ndalema, wopinda, wa chikopa kapena saka, ndi wa agogo pakhonde, mwana sauyandikira. Ndiyeno pali uja amene anakulira m'nyumba za aphunzitsi, za amishoni ndi za boma amaukumbukira: mpando wa mlombwa wa manja athabwa, wopendekera pang'ono kumbuyo, wa makhushoni awiri ochotseka, imodzi yokhalira, ina yotsamira, ndi kansalu koluka ka mayi a m'nyumba pamwamba pake. Mpando umenewu ndiwo unathamangitsidwa ndi sofa, ndipo ndi umene ndimaudandaula.

Sofa sindimudera kufewa, ndimamudera chifukwa amabisa. Mkati mwake mungakhale zidutswa za paini wosauma, zokhomedwa ndi misomali yopindika, koma zikakutidwa ndi siponji ndi nsalu yonyezimira wogula amangokhalapo n'kumwetulira. Wosoka nsaluyo ali ndi luso lake, sindikana, ndipo ena amakoka nsalu mopanda khwinya n'limodzi lomwe. Koma kalipentala akapanga mafelemu a sofa zaka zingapo, dzanja limaiwala kulumikiza matabwa, popeza palibe adzaone. Mpando wa manja athabwa ulibe pobisa. Polumikizira paliponse pali poyera.

Chodabwitsa n'chakuti mpando wa mtundu umenewu, wopepuka, wa felemu yoonekera ndi makhushoni ochotseka, ndi umene lero anthu a ku London, New York ndi Tokyo akuulimbirana pamisika ya zinthu zakale, ukakhala kuti unapangidwa ku Denmark m'zaka za m'ma 1940 mpaka 1960. Dzina lomveka kwambiri ndi la Hans Wegner, mwana wa wosoka nsapato wa ku Tønder, amene anayamba kuphunzira ukalipentala ali ndi zaka 14, monga anyamata athu opala matabwa aja. Pomwalira mu 2007 anali atajambula mipando yoposa 500. Umodzi mwa iyo, wa 1949, ndi umene John F. Kennedy ndi Richard Nixon anakhalira pamtsutso wawo wa pa TV mu 1960. Wina, wotchedwa CH24, kampani ya Carl Hansen & Søn yakhala ikuupanga osalekeza kuyambira 1950, ndipo pokhalira pake amaluka pamanja ndi chingwe cha pepala chotalika mamita pafupifupi 120. Woluka kampando ka chikopa atauona angazindikire ntchitoyo nthawi yomweyo. Ngakhale ndalema ali ndi mbale wake kumeneko: mu 1933 Kaare Klint anapanga mpando wansalu yolimba ndi zikopa, womasuka popanda chida chilichonse, potengera mpando umene asilikali a Britain ankayenda nawo m'misasa.

Mitengo yambiri ya mipando imeneyo sinali yakwawo. Denmark ndi dziko lozizira. Teak ankaitanitsa ku Thailand ndi ku Burma, rosewood ku Brazil, ndipo opanga mipando a ku Ulaya ankagwiritsanso ntchito afrormosia wa kumadzulo kwa Africa, amene ndi mbale weniweni wa muwanga wathu. Choncho sanatipose ndi nkhalango. Sindikhulupiriranso kuti anatiposa ndi manja. Anali ndi zinthu zina zimene mmisiri wa ku Chinyunyu alibe.

Choyamba ndi thabwa louma, ndipo apa ndiye pagona nkhani yonse. Mtengo wongodulidwa umakhala wodzaza madzi, ndipo ukamauma umafota m'mbali, umapindika, nthawi zina umang'ambika kumapeto. Thabwa la mpando wa m'nyumba limafunika kuti chinyezi chake chitsike kufika pa 8 mpaka 12 pa 100. Kuti zitero liyenera kusanjidwa pamthunzi, podutsa mphepo, timitengo tili pakati pa thabwa ndi linzake, kwa miyezi yambiri, kapena kulowa mu uvuni woumitsira. Kalipentala wathu zonsezi amazidziwa bwino. Mukamufunsa adzagogoda thabwa ndi chala, n'kukuuzani kuti louma limalira, laliwisi limangoti phu. Koma kusunga matabwa miyezi isanu ndi umodzi ndi kusunga ndalama padenga pamene ana akufuna ndiwo, ndipo akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno. Nayenso wogula sadikira.

"Amisiri, mpando wanga uja Loweruka ndiupeza?"

"Mayi, matabwa aja abwera dzana, akadali ndi madzi."

"Aaa, ingokhomani, akaumira kunyumba."

Amakaumiradi kunyumba. Pofika Okutobala lilime lija mmisiri analisema kuti lilowe bwino m'bowo la mwendo lafota, guluu waleka, mpando wayamba kugwedera, ndipo mayi aja akuuza anzawo kuchitsime kuti kalipentala uja ndi wabodza. Atapsa kangapo chonchi, mmisiri amaleka kusema mabowo n'kumangokhoma misomali, chifukwa msomali umagwira ngakhale thabwa laliwisi, kwa chaka chimodzi kapena ziwiri.

Chachiwiri ndi dzina. Kuyambira 1927 mpaka 1966 bungwe la akalipentala a ku Copenhagen linkachita chionetsero chaka ndi chaka, wojambula mpando ndi woupanga akuonetsa ntchito yawo limodzi, atolankhani ndi ogula akuweruza. Finn Juhl, amene anakonza chipinda chimodzi cha misonkhano kulikulu la United Nations ku New York, sanali kalipentala; mipando yake yotchuka inkasemedwa ndi Niels Vodder, ndipo lero wogula amatembenuza mpando kufunafuna chidindo cha Vodder kunsi kwake. Kwathu kuno mpando wabwino wa mlombwa ukhoza kukhala m'nyumba zaka 50, eni ake osadziwa amene anaupanga. Mmisiri wosadziwika sangakweze mtengo chifukwa cha luso, ndiye amapikisana ndi anzake pa kutchipa kokha.

Tisaganize kuti zonsezi zinali za olemera. Bungwe la makoparetivu a ogula ku Denmark, FDB, linayamba kupangitsa mipando mu 1942, Børge Mogensen akutsogolera ojambula, cholinga chili choti banja la wantchito wamba ligule mpando wolimba pamtengo wofikirika. Makoparetivu ifenso tili nawo m'midzi ya Rufunsa, koma ambiri amadzuka nthawi ya feteleza basi. Koparetivu ya amisiri khumi yokhala ndi shedi imodzi youmitsira matabwa ingachite zimene mmisiri mmodzi sangathe, pakuti wina akamatenga matabwa a chaka chatha, ena atsopano akuuma. Makina opala ndi ocheka ndi abwino, koma chilala cha 2024 chitachepetsa madzi opangira magetsi ku damu la Kariba, amisiri a makina ku Lusaka ankakhala tsiku lathunthu manja ali m'thumba kudikira magetsi, wa pulena yamanja akupala. Shedi sifuna magetsi.

Palinso nkhani ya kupaka. Amisiri a ku Denmark ankapaka teak mafuta okha, mitengo yoyera n'kuitsuka ndi sopo, kuti dzanja likhudze mtengo weniweniwo. Ife timakonda vanishi wokhuthala, wonyezimira, nthawi zina wothira utoto wofiirira kuti paini aoneke ngati mlombwa. Pa paini ndikumvetsa. Koma mlombwa uli ndi mizere yakeyake, yagolide ndi yofiirira, ndipo kuukuta ndi vanishi katatu n'kuulakwira.

Mipando yakale ija ya m'nyumba za boma sinathe yonse. Ina imafikabe kwa kalipentala kudzakonzedwa, itathyoka dzanja kapena itaphwasuka pokhalira, ndipo amisiri achikulire amaikonda ntchito imeneyi ngakhale ilibe ndalama zambiri. Amagogoda polumikizira ndi chipika chofewa mpaka mpando kumasuka chiwalo ndi chiwalo, amapala guluu wakale, amamatanso, n'kumanga ndi chingwe chopotokola ndi kamtengo ngati alibe makalampa. Mnyamata woima pambali amaona mmene akale ankasemera lilime ndi bowo, zimene pa felemu ya sofa sangazione. Malamba a pansi pa khushoni akatha, okonza mipando ya Denmark ku Ulaya amagula malamba a mphira a kampani ya Pirelli. Ku Chinyunyu amatuma mnyamata kwa womata matayala pamsewu kukatenga chubu chakale cha lole, n'kuchidula m'mizeremizere.