Ndalama za pa intaneti zakopa amalonda, koma mpamba ufunika kuusamala

Kusowa kwa ndalama zakunja kwachititsa amalonda ena opikula katundu ku China, Tanzania ndi ku Joni kuyamba kuganizira za ndalama za pa intaneti monga Bitcoin ndi USDT. Chokopa chake n'choonekeratu: kwacha inatsika mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, pomwe USDT imodzi imayendera mtengo wa dola imodzi ya ku America.

Komatu ndalamazi sizili ngati Airtel Money kapena TNM Mpamba. Mu 2019, Reserve Bank of Malawi inalengeza kuti malamulo a dziko lino sazizindikira ngati ndalama. Wotumiza ku adiresi yolakwika alibe ejenti womudandaulira, ndipo ndalamazo zimangopita.

Ndale za maiko ena nazonso zimalowererapo. Kampani ya Tether, yomwe imatulutsa USDT, imatseka maakaunti omwe boma la America lawaikira zilango. Wamalonda akalandira ndalama zochokera kwa munthu wosamudziwa, akhoza kukodwa nawo mumsamphawo.

Akathyali nawo sagona. Ku South Africa, Mirror Trading International inkalonjeza phindu la Bitcoin mwezi ndi mwezi, koma inagwa mu 2020 itadya ndalama za anthu zikwizikwi.

Choncho wofuna kuyesa asaikemo mpamba wonse kapena ndalama za banki mkhonde, ndipo mawu achinsinsi otsegulira akaunti asauze munthu aliyense. Wina akalonjeza phindu losalephera, kapena kunena kuti abweretse anzake kuti apeze zambiri, ndi bwino kungomusiya. Paja chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere.